Masentimita Khumi ndi Awiri

Lachiwiri m'mawa ku Tbilisi, pa siteji yapafupi ndi ogulitsa maluwa,
ndawerenga mabasi anayi.
Yoyamba inali yodzaza. Yachiwiri sinandione,
kapena inandiona, n'chifukwa chake inathamanga.
Yachitatu inaima patali ndi m'mphepete mwa msewu,
dalaivala n'kutambasula manja ngati wansembe:
nditani ine, mayi?
Yachinayi ndinangoisiya ipite.
Munthu umatopa kupempha chinthu chimene unalipira kale.

Ndine Eteri. Ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu,
ndiye za manambala musandiphunzitse.
Pakati pa chikuku changa ndi khomo la basi
pali masentimita khumi ndi awiri.
Mwana amawalumpha uku akutafuna apulo.
Ine ukwati wa mwana wa mchemwali wanga
ndinauonera pa foni, nditavala kale diresi.

Ndiye lero kwatulukira kamnyamata ka kukhonsolo, Vakhtang,
jekete kukula kuposa mapewa,
tepi yoyezera m'thumba, cholembera kukhutu.
Waimitsa yachisanu ndi dzanja limodzi.
Taonani zimenezo, dzanja limodzi!
Langali lakhala m'mwamba zaka zisanu ndi zitatu.

Tsitsani chokwerera, bambo Guram.
Guram wakoka. Zii.
Wakokanso, msempha wa pakhosi kuoneka.
Dzimbiri, matope a chisanu chathachi,
makoko a mpendadzuwa amene anthu amalavula,
zonse zamanga banja m'mahinjesi.
Pamalo pojambulidwa chikuku choyera
pakhala ndowa ndi tayala lakutha.
Lamba wondimangira ine
anamudula kalekale, akugwira chitseko chakumbuyo.

Vakhtang akulemba, akulemba.
M'basimo anthu ayamba kuyang'ana mawotchi,
wina watsonya, mayi wina akundiyang'ana
ngati ndine ndinathira dzimbiri.
Kumbuyo bambo wandodo yoyera akufunsa mphepo:
tafika pati? tafika pati kodi?
Chimkuzamawu cha padenga chinafa chaka chatha,
palibe anapita kumaliro.

Chindapusa chimenecho ndi masiku anga anayi,
akutero Guram, mawu ali pansi.
Ndikachedwa mphindi zisanu ndi ziwiri amandidula.
Mafuta a mahinjesi ndinapempha katatu.
Mabuleki awa, funsani amene anasaina.

Ndinabwera ndi mkwiyo wanga wosita bwino,
koma sunamukwane munthuyu.
Mwana wanga, ndamuuza Vakhtang,
pepala lakolo lili ndi mzere wa mwini kampani?
Uli pansi, waung'ono.
Lemba pamenepo. Dinda kwambiri.

Kenako Guram wagwada pakonkire, buluku lake labwino,
akukolokosa ndi kiyi wa kunyumba kwake.
Mtsikana wa yunifolomu wamupatsa chipanera cha tsitsi.
Wotsonya uja watsika, mwina manyazi, mwina changu,
waponda ndi nsapato.
Khooo, phwa!
Lilime lachitsulo latuluka, lanyambita msewu.

Ndalowa ndekha.
Lembani zimenezo: ndekha,
popanda manja achilendo m'khwapa mwanga,
popanda kunyamulidwa ngati thumba la anyezi
ndikunena zikomo, zikomo, pepani, zikomo.
Ndalipira ngati wina aliyense.
Kwa bambo wandodo ndakhala chimkuzamawu:
tikuwoloka Mtkvari tsopano, madzi ake ndi odera lero.

Musafulumire kuomba m'manja.
Mawa Vakhtang akayendera tsidya lina la mzinda,
tepi yake ndi imodzi, mabasi ndi mazana,
ndipo lamulo likakhala m'kabati limachitanso dzimbiri.
Lachitatu ndidzakhala pompano, fulasiki pamiyendo,
kope langa lakale la masamu lili lotsegula.
Mzere wakumanzere, zimene zapitirira.
Wakumanja, zimene zagwada.
Kumanjaku mpaka pano muli kamodzi,
ndakalemba ndi inki yofiira
imene ndinkachongera ana akakhoza.